Buku la Scott Lili Mufoni, Nanga la Matecheta Lili Kuti?

Kuchoka kuno ku Nyambadwe kukafika pa tchalitchi cha St Michael and All Angels ndi ulendo wapansi, sufuna minibasi. Ukatsetsereka m'mawa dzuwa lisanakwere, umayamba kuona nsanja zake za njerwa zikusuzumira pakati pa mitengo. Munthu amene anatsogolera ntchito yomanga tchalitchicho kuyambira 1888 mpaka 1891, mbusa David Clement Scott, ndi yemwenso analemba mtanthauziramawu wamkulu wa Chimang'anja umene unasindikizidwa ku Edinburgh mu 1892. Ndi chibuku cha masamba oposa 700, chodzaza ndi mawu, miyambi ndi mafotokozedwe a moyo wa anthu a m'dera lino pa nthawiyo. Lero chibuku chimenecho chili mufoni mwanga. Ndinachitsitsa pa intaneti usiku wina osalipira kanthu, kupatula bandulo imene inathera pomwepo.

Chaka chatha mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira mbiri ku sukulu ya ukachenjede, anabwera kudzakhala nafe pa tchuthi. Anali ndi ntchito yolemba za chiyambi cha mishoni ya Blantyre. M'masiku awiri okha anali atakokolola zambiri pa kompyuta yake: Africana ya Duff Macdonald ya 1882, The Shire Highlands ya John Buchanan ya 1885, British Central Africa ya Harry Johnston ya 1897, ndi Scott yemwe uja. Tsiku lachitatu anandipeza pakhonde nkhope ili yakugwa.

"Amalume, onsewa ndi azungu okhaokha. Kodi panalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi amene analembako?"

Ndinamuuza kuti analipo. Harry Kambwiri Matecheta, Myao amene analowa sukulu ya mishoniyo ali mnyamata, anakagwira ntchito pakati pa Angoni a ku Ntcheu, ndipo mu 1911 iye ndi Stephen Kundecha anakhala anthu akuda oyamba kudzozedwa ubusa pa mishoni ya Blantyre. Atakalamba analemba zimene anaona ndi zimene anamva kwa akulu ake. Kabukuko kanatuluka mu 1951 ku Hetherwick Press, makina osindikizira a pamishoni pomwepo, mutu wake uli Blantyre Mission: Nkhani za Ciyambi Cace. Tinakasaka mpaka pakati pa usiku. Dzina lake tinalipeza m'mindandanda ya malaibulale a kunja, chaka chake tinachipeza. Masamba enieni, mawu a mkuluyo m'chilankhulo chake, sitinawapeze.

Kuyambira usiku umenewo funso ili silinandichoke m'mutu. Anthu awiri, Scott ndi Matecheta, anayenda pabwalo limodzi, napemphera m'tchalitchi chimodzi, nalemba za malo amodzi. Wina buku lake lili m'thumba mwa aliyense amene ali ndi foni yamakono. Winayo uyenera kuchita kuyendera. Chinachitika n'chiyani?

Tiyambe ndi chifukwa chake nkhaniyi imawawa kwambiri kwa ofufuza mbiri, zilankhulo, chipembedzo, nthano ndi miyambo. Wofufuza za malungo kapena za mbewu ya chimanga amafuna zotsatira zatsopano, ndipo zimene zinalembedwa zaka 60 zapitazo nthawi zambiri zinapitidwa kale. Wofufuza mbiri munda wake ndi zakalezo. Buku likamakalamba m'pamene limamuthandiza kwambiri, pakuti iye safuna mfundo zokha, amafuna kumva mmene munthu wa nthawiyo ankayalira mawu, zimene ankaona kuti n'zofunika kuzitchula ndi zimene ankazilambalala. Ukamumana bukulo wamulanda khasu.

Kuika buku pa intaneti kuli ndi masitepe ake. Munthu amatsegula tsamba lililonse nalijambula ndi kamera kapena sikana. Kenako pulogalamu ya kompyuta imayesa kuwerenga zithunzizo, kuzindikira zilembo, kuti pambuyo pake ukalemba liwu monga "Kapeni" makina akuonetse masamba onse amene dzina la mfumuyo likupezeka. Pomaliza wina amalemba dzina la buku, mlembi, chaka ndi malo, kuti osaka alipeze. Ntchito yaikulu ya mtundu umenewu inayamba mu 2004, pamene kampani ya Google inagwirizana ndi malaibulale a Harvard, Michigan, Stanford, Oxford ndi New York Public Library kuti ijambule zimene zinali m'mashelefu awo. Mu 2010 kampaniyo inawerengera kuti padziko lonse pali mabuku osiyanasiyana pafupifupi 130 miliyoni, ndipo pofika 2019 inati yajambula oposa 40 miliyoni. Mayunivesite a ku America anakhazikitsa nkhokwe yawo ya HathiTrust mu 2008, momwe muli mabuku oposa 17 miliyoni. Palinso Internet Archive, imene inayamba mu 1996, komwe ambiri a ife timakatola mabuku akale.

Manambalawa ndi ochititsa kaso, koma taonani komwe makamerawo anayikidwa. Anajambula zimene zinali pa mashelefu a ku Michigan ndi ku Oxford. Buku losindikizidwa ku London kapena ku Edinburgh, lachikuto cholimba, linafika m'mashelefu amenewo mosavuta ndipo linasungidwa bwino. Kabuku ka masamba ochepa kosindikizidwa ku Nkhoma, ku Likuni kapena pa mishoni ya Blantyre, pa pepala lotchipa, kankagulitsidwa kwa aphunzitsi ndi akulu ampingo, kankawerengedwa mpaka kuthetheka. Kakafika kutsidya kwa nyanja kanali mwayi chabe, mwina m'sutikesi ya mmishonale wopuma pantchito. Palibe amene anakhala pansi n'kugamula kuti Matecheta asiyidwe. Ukonde unaponyedwa m'dziwe lina, ndipo nsomba za kwathu zinali zochepa m'dziwemo.

Zochepa zimene zinakodwamo nazonso zinatsekeredwa, ndipo apa m'pamene lamulo la umwini wa zolemba likulowera. Ku America buku limakhala lotetezedwa kwa zaka 95 kuchokera pamene linasindikizidwa. Choncho nkhokwe zikuluzikuluzi zimatsegula mabuku a zaka za m'ma 1800 ndi koyambirira kwa 1900, koma zikafika cha m'ma 1930 zimatseka chitseko. Tsono zaka za m'ma 1930 zomwezo ndi pamene Amalawi anayamba kutulutsa mabuku awoawo mochuluka. Nthondo wa Samuel Josia Nthara ndi wa 1933. Mbiri ya Achewa ya mlembi yemweyo inabwera m'zaka za m'ma 1940. Pambuyo pake panabwera William Chafulumira, John Gwengwe ndi Sikusinja ndi Gwenembe komanso Kukula ndi Mwambo, Josiah Phiri ndi Kalenga ndi Mnzake, E. J. Chadza ndi Kokha Mcheperawakalulu, Jolly Max Ntaba, Willie Zingani. Mzere umene lamulo la kunja linajambula unadutsa ndendende pamene mlendo analekera kutilankhulira ife n'kuyamba kudzilankhulira tokha. Za kuseri kwa mzerewo n'zotsegula, za kuno n'zotseka. Nthawi zina makina amakuuza kuti liwu limene ukufuna lili pa tsamba lakutilakuti, n'kukuonetsa mizere iwiri kapena itatu, basi. Zili ngati kukununkhiza ndiwo mphika uli chivundikirire.

Palinso china chimene ambiri sadziwa. HathiTrust imayang'ana dziko limene wowerenga ali. Buku losindikizidwa kunja kwa America likhoza kutseguka kwa munthu wa ku Chicago koma n'kukanika kwa munthu wa ku Limbe, chifukwa kwa owerenga a kunja nkhokweyo imadikira zaka pafupifupi 140 pokhapokha wina atafufuza n'kutsimikiza kuti mlembi anamwalira kalekale. Ndiye kuti buku lonena za Mulanje limatha kuwerengedwa ndi munthu amene sanaonepo phirilo, mwiniwake wa phiri ali panja.

Lamulo lathu si lokhwima chotero. Lamulo la Malawi la 2016 limateteza buku pa moyo wonse wa mlembi ndi zaka 50 iye atamwalira. Matecheta anamwalira mu 1962, kotero kuno kwathu kabuku kake kanamasuka kumapeto kwa 2012. Aliyense ku Blantyre akhoza kukajambula n'kukagawira dziko lonse popanda mlandu. Nthara anamwalira m'zaka za m'ma 1970, ndiye kuti mabuku ake akumasuka m'zaka zomwe tili zino. Mwa kawerengedwe ka ku America, buku la 1951 lidikira mpaka kumapeto kwa 2046. Ife tikamayembekeza kuti a kunja atichitire, tikudikira pa mzere wautali pamene khomo lathu lili pululu.

Ovuta kwenikweni ndi mabuku amene ndimawatcha amasiye. Mlembi anamwalira posachedwa kapena sadziwika komwe ali, kampani yosindikiza inatsekedwa kapena inaleka kulitulutsa, pangano lake linasowa. Bukulo silipezeka m'sitolo iliyonse, palibe amene akupezapo tambala, komabe palibenso amene angayerekeze kulijambula poopa kuti mwini angatulukire. Mabuku ambiri a Chichewa a pakati pa 1950 ndi 1990 ali m'gulu limeneli. Ena mwa iwo anatuluka kudzera ku bungwe losindikiza mabuku limene Nyasaland ndi Northern Rhodesia ankayendetsa limodzi ku Lusaka kuyambira 1948, kotero umasiye wake tikugawana ndi abale athu a ku Chipata ndi Katete. Mphunzitsi wa Cinyanja ku Zambia, wophunzira wa ku Ulongue m'chigawo cha Tete, mdzukulu wa matchona ku Harare amene akufuna kudziwa chilankhulo cha agogo ake, onsewa akusowa mabuku omwewo.

Kwa kanthawi panali kanjira kodutsira. Internet Archive inkabwereketsa mabuku amakono pa intaneti, buku limodzi kwa munthu mmodzi pa nthawi, monga imachitira laibulale wamba. Ophunzira ambiri kuno anawerengera kumeneko mabuku a mbiri ya Africa amene sakanatha kugula. Mu 2020 makampani anayi osindikiza mabuku anasumira bungweli, khoti linagamula mowakomera mu 2023, apilo inakanidwa mu September 2024, ndipo mabuku oposa 500,000 anachotsedwa pa ndandanda yobwereketsa. Sindikunena kuti makampaniwo analibe mfundo. Mlembi amadya thukuta lake, ndipo ndikudziwa olemba a kuno amene mabuku awo amangozungulira pa WhatsApp iwo osalandira kalikonse. Koma chigamulo chopangidwa ku New York chinazimitsa nyali m'zipinda zogona ophunzira ku Zomba ndi ku Mzuzu, ndipo pa mlanduwo panalibe wowalankhulira.

Tisaiwale zabwino zimene zachitika, pakuti zilipo ndipo n'zazikulu. Pamwamba pa Mandala House, nyumba ya 1882 ija, pali laibulale ya Society of Malawi, bungwe limene linayamba mu 1946. Magazini yake yakhala ikutuluka kuyambira 1948, ndipo makope ake akale ali pa JSTOR, nkhokwe ya zolemba za akatswiri. Mu 2006 JSTOR inachotsa malipiro kwa masukulu ndi mabungwe osachita malonda a mu Africa. Malaibulale athu nawo anapanga mgwirizano wa MALICO mu 2003 kuti azigula limodzi mwayi wowerenga zolemba za pa intaneti. Mabuku a Kachere ku Zomba, Mzuni Press ndi Luviri Press ku Mzuzu amafika pa makina kudzera ku African Books Collective ya ku Oxford. Mphunzitsi wa ku yunivesite lero ali ndi zambiri kuposa zimene anzake a zaka za m'ma 1980 ankalota.

Koma chipata chimenechi chimatsegukira okhawo amene ali m'kaundula wa sukulu yaikulu. Mphunzitsi wa mbiri pa sekondale ku Ndirande, mbusa amene akulemba mbiri ya mpingo wake, mtolankhani, mkulu wopuma pantchito amene akufuna kulondola mzere wa ufumu wa kwawo, onsewa amaima panja. Ndipo anthu oterewa ndiwo akhala akulemba mbiri ya dziko lino kuyambira kale: Nthara anali mphunzitsi, Matecheta anali mbusa, D. D. Phiri analemba mabuku ake ambiri asali pa yunivesite iliyonse. JSTOR imalola munthu wamba kutsegula akaunti yaulere n'kuwerengako nkhani zingapo pamwezi, ndipo ndimalimbikitsa aliyense kutero. Komabe zimenezo ndi nkhani zifupizifupi. Mabuku athunthu, monga A History of Malawi ya John McCracken ya 2012, amagulidwa ndi madola kapena mapaundi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa buku limodzi lotere unafika poti mphunzitsi ayenera kusankha pakati pa bukulo ndi thumba la feteleza.

Tsono tiyerekeze kuti buku lapezeka ndipo n'laulere. Mavuto sanathe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira ndi magetsi. Ngakhale kuno m'tauni, magetsi akathima kompyuta imagona. Ndinaona mwana wa mlongo wanga akuwerenga Scott pa kagalasi ka foni, akukulitsa tsamba ndi zala ziwiri, mzere umodzi kuukokera kumanzere ndi kumanja kuti aumalize, batire ikutsika. Amadikira usiku kuti atsitse mafayilo olemera pa bandulo yotchipa, netiweki ikaduka pakati n'kuyambiranso. Anzake amatumizirana zidutswa za mabuku pa WhatsApp: mutu wachitatu wokha, wojambulidwa mopendama kuchokera pa fotokope ya fotokope ina, wopanda tsamba loyamba. Mwana amawerenga, amalemba, koma sadziwa kuti mlembi ndani kapena chaka chake n'chiti. Kafukufuku wa mbiri amaima pa kudziwa amene ananena, liti ndiponso ali kuti. Chidutswa chopanda mutu chimamuphunzitsa mwana kukhulupirira mawu opanda mwini.

Pali vuto linanso limene ndi lathulathu, la kalembedwe. Taonani mutu wa kabuku kaja: Ciyambi Cace. Umo ndi mmene ambiri ankalembera Chichewa Board, imene inakhazikitsidwa mu 1972, isanakonze malamulo a kalembedwe amene tikutsata lero, ndipo ku Zambia mpaka pano amalemba "c" pamene ife timalemba "ch". Mabuku a amishonale oyambirira nthawi zambiri sankaika "h" wa mpweya uja, kotero "munthu" amaoneka ngati "muntu", "mphamvu" ngati "mpamvu". Wosaka akalemba "chifukwa" makina sadzamuonetsa "cifukwa". Kuwonjezera apo, mapulogalamu owerenga zilembo anazolowera Chingerezi. Akakumana ndi Chichewa pa pepala lofiirira, inki itafufutika, amasokoneza: "m" amamuona ngati "rn", ŵ wa kadenga uja amasanduka chizindikiro chachilendo, mawu aatali amaduka pakati. Buku limakhala lilipo ndithu pa intaneti koma losasakika, ngati mbuzi yomangidwa m'khola la eni ake ena. Kukonza zimenezi kumafuna munthu wodziwa chilankhulo akhale pansi, chithunzi uku mawu uku, n'kumawongola mzere ndi mzere. Ntchito imeneyi singachitikire ku California. Ndi ya ophunzira a Chichewa ku Zomba, a Centre for Language Studies amene anatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, ndi aphunzitsi opuma amene anaphunzira kuwerenga ndi kalembedwe kakaleko.

Buku la Chichewa limene linadutsa mipanda yonseyi ndi Baibulo. Buku Lopatulika la 1922 ndi Buku Loyera la 1998 ali m'mafoni a anthu osawerengeka, osakika vesi ndi vesi, aulere. Zinatheka chifukwa panali eni ake odziwika amene anafuna kuti liwerengedwe, ndi anthu amene analitayipa mosamala. Izi zikutiuza kuti chilankhulo chathu sichikanika pa makina. Zikutiuzanso kanthu kena. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu 2014, ndipo makina otere amaphunzira kuchokera ku zimene apeza pa intaneti. Ngati apeza Baibulo, nkhani za m'nyuzipepala ndi timapepala tomasuliridwa kuchokera ku Chingerezi, Chichewa chimene adzabwezere ana athu chidzakhala chomwecho, chopanda Gwengwe, chopanda Chadza.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mmene zonsezi zimapindira kafukufuku mwakachetechete. Wophunzira ali ndi milungu itatu, ndalama ya minibasi alibe, ndipo pa kompyuta pake pali mabuku khumi a azungu a m'zaka za m'ma 1800. Adzalemba kuchokera mwa amenewo. Mnzake wa chaka chamawa adzawerenga zimene iye analemba n'kubwereza. Pakapita zaka khumi zidzaoneka ngati umboni wa nthawiyo ndi wokhawo. Johnston anali bwanamkubwa wa boma limene linatilanda dziko, ndipo maganizo ake pa anthu akuda ali poyera m'buku lake. Kumuwerenga n'kofunika. Kumuwerenga yekha n'koopsa.

Sindikufuna kuti mundimve ngati ndikuti mabuku akalewo tiwataye. M'kati mwake muli makolo athu. Mawu ndi miyambi ya mu mtanthauziramawu wa Scott sanaitole m'mwamba, anauzidwa ndi anthu a kuno, ngakhale kuti mayina a ambiri sanalembedwe. Mtanthauziramawu wa Johannes Rebmann wa 1877 unachokera pakamwa pa Salimini, munthu wa m'chigawo chapakati amene anagwidwa ukapolo n'kukapezeka kufupi ndi Mombasa m'zaka za m'ma 1850. Kuti lero mwana wa ku Lilongwe akhoza kutsegula foni n'kuona mawu amene Salimini ankakumbuka ali kutali ndi kwawo, chimenecho ndi chuma chobwezedwa. Wowerenga wochenjera amamvetsera liwu la munthu wakuda pansi pa cholembera cha mzungu. Kungoti luso limenelo limafuna kuti ukhale ndi Matecheta pambali, woti uyerekeze naye.

Nthawi nayo sikutidikira. Mu 1919 moto unapsereza maofesi a boma ku Zomba, ndipo zolemba zambiri za zaka zoyambirira za utsamunda zinathera pomwepo. Pa 18 December 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa, kuphatikizapo zolemba za Malawi zovuta kuzipezanso. Mu March 2023 namondwe Freddy anakokolola nyumba ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre. Tinalira anthu, ndipo kunali koyenera kutero, koma m'matope amenewo munapitanso mabaibulo olembedwa mayina a mabanja, makalata ndi mabuku a agogo. Ndipo pali adani osachita phokoso, chiswe, njenjete ndi chinyezi cha dzinja, amene amadya tsamba limodzi lero, lina mawa.

Ntchito yopulumutsa inayambika. Kudzera mu pulogalamu ya Endangered Archives ya British Library, imene inayamba mu 2004, akatswiri a National Archives ku Zomba ajambula zolemba zakale za maboma ndi za mafumu zimene zinali kuwonongeka. Lamulo la pulogalamuyo ndi labwino: zolemba zenizeni sizichoka m'dziko, ndipo kope ya zithunzi imatsala kwa eni ake. Tikudziwanso kutalika kumene luso lafika. Zolemba za David Livingstone za 1871, zimene analemba pa nyuzipepala yakale ndi inki yopangidwa kuchokera ku njere za mtengo, zinali zitafufutika, koma mu 2011 akatswiri anaziwerenganso pogwiritsa ntchito kuwala kwa mitundu yosiyanasiyana. Ngati zotere zikutheka, kabuku kosindikizidwa bwinobwino mu 1951 si nkhani yovuta.

Ena amadandaula kuti kujambula ndi njira ina yotilanda. Amati kale anatenga zosema ndi mafupa, lero akutenga zithunzi, ndipo mawa adzatigulitsa zathu zomwe. Nkhawa imeneyi ili ndi maziko, pakuti zolemba zambiri za Africa zili m'nkhokwe za malonda zimene mayunivesite olemera okha ndiwo amakwanitsa kulipira. Palinso zinthu zosayenera kumwazidwa: zinsinsi za kudambwe, nkhani za kuchinamwali, makaundula okhala ndi mayina a anthu amene ana awo ali moyo. Pamenepo eni mwambo ndi mabanja ayenera kufunsidwa. Ndipo makina nawo si thanthwe. Mu October 2023 akuba a pa intaneti analowerera makompyuta a British Library, ndipo ntchito zake zambiri zinaima kwa miyezi. Ine phunziro limene ndikutolapo ndi lakuti kope yoyamba izikhala kuno, m'malo angapo, ku Zomba, ku Lilongwe, ku Mzuzu, yotsegukira Mmalawi aliyense, ndipo za kunja zikhale zowonjezera. Koma kukana kujambula poopa kuberedwa n'kusiyira chiswe chimene ukumana mbala.

Chimene chikusoweka si makina odula. Kamera yabwino, choimikira, nyali ziwiri ndi munthu wodekha akhoza kujambula kabuku ka masamba 80 m'mawa umodzi. Mabuku enieniwo alipo: lamulo limafuna kuti chilichonse chosindikizidwa m'dziko muno kope yake ikasungidwe ku National Archives, ndipo laibulale ya University of Malawi ili ndi gawo la mabuku a za Malawi. Ambiri mwa osindikiza akale tili nawo pafupi, CLAIM ndi Dzuka mu Blantyre momwemuno, a Montfort ku Limbe amene anatipatsa magazini ya Moni kuyambira 1964, a Nkhoma ndi a Likuni. COSOMA, imene yakhala ikuyang'anira za umwini wa ntchito za luso kuyambira 1992, ikhoza kukhala mkhalapakati wa mabanja a olemba, osindikiza ndi malaibulale, kuti buku limene lakhala zaka 30 osagulitsidwa litsegulidwe ndi chilolezo, banja lilandire kangachepe ndi ulemu wake. Mabanja ambiri, ndikukhulupirira, akafunsidwa mwaulemu angakonde kuti dzina la bambo awo liwerengedwe kusiyana n'kuti liiwalike. Chimene chikusowa ndi bungwe limodzi loti linene kuti ntchitoyi ndi yanga, liyambe ndi mabuku amene anamasuka kale, liike ndandanda poyera kuti tonse tione chimene chachitika ndi chimene chatsala. Kwa ine udindo umenewo ndi wa National Library Service pamodzi ndi National Archives, ndipo Nyumba ya Malamulo iyenera kuwapatsa ndalama zake, osadikira wopereka thandizo wa kunja.

Mwana wa mlongo wanga anamaliza ntchito yake. Anathandizidwa ndi kumasulira kwa Chingerezi kwa kabuku ka Matecheta kumene Luviri Press inatulutsa mu 2020, ndipo tiyenera kuthokoza amene anagwira ntchitoyo. Mkuluyo analowa m'nkhani yake, nayankhana ndi Macdonald ndi Scott. Koma anamumva kudzera mwa womasulira. Mwana wobadwira ku Blantyre, wolankhula Chichewa kuyambira ali kumsana, sanaone mmene mbusa wa kwawo anayalira mawu ake.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mukapita kumudzi katsegulani sutikesi yachitsulo ya malemu bambo kapena agogo. Mukapezamo kabuku ka Chinyanja kachikuto chothetheka, kope yakale ya Moni, Kuunika kapena Boma Lathu, musayatsire moto ndipo musapereke kwa ogulitsa mandasi. Kapukuteni fumbi, kaikeni pouma, jambulani tsamba lililonse ndi foni yanu kuyambira pachikuto, kenako mukadziwitse a laibulale imene muli nayo pafupi kuti muli nako. Mwina kope imene muli nayoyo ndi yomaliza.